Intake ndi ekizozi pa sports car: zisintheni limodzi, osati chimodzi lero china chaka chamawa

Ulendo woyamba umene ndinasintha ekizozi pa galimoto yanga ndinachita zomwe ambiri timachita, ndinagula chipaipi chonyezimira cha mainchesi atatu nkumangitsa, kenako ndinazula bokosi la fyuluta lija nkuikapo kafyuluta ka cone kofiira pompo pambali pa injini. Kulira kwake eeh, anthu amacheuka. Koma pa mtunda wina womwe kale ndimakwera mu giya 4 osadandaula galimoto ija inayamba kupempha giya 3, ine nkumadzinamiza kuti ayi mwina ndi maganizo chabe. Sanali maganizo. Injini ya malita awiri yopanda turbo ndinali nditaipatsa paipi yoti singaidzadze, uku ndikuimwetsa mpweya wotentha wa mu boneti. Ndalama zinapita, kukoka kunatsika, chomwe chinakwera ndi phokoso basi.

Nde tisanagwire sipanala timvane kaye pa chinthu chimodzi. Injini ndi pampu ya mpweya. Imakoka mpweya, kuupanikiza, kuuyatsa ndi petulo, kenako kutulutsa utsi, ndipo kuti petulo apse bwinobwino pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Petulo kuwonjezera nkosavuta, kompyuta imangotsegula ma injector nthawi yotalikirako, chovuta ndi mpweya. Injini ya malita awiri ikamazungulira 7,000 rpm imafuna malita a mpweya pafupifupi 7,000 pa mphindi, ndipo onsewo akapsa ayenera kutuluka, atatentha komanso atafufuma. Mukatsegula khomo lolowera lokha potulukira pali pothina, utsi wotsalira mu silinda umalanda malo a mpweya watsopano. Mukatsegula kotulukira kokha, injini imakhala ngati munthu wothamanga atatseka mphuno. Ndipo mukatsegula konse koma kompyuta osaiuza, iyo imapitiriza kuthira mafuta ndi kuyatsa moto molingana ndi injini yakale ija. Zinthu zitatuzi, intake yolowetsa mpweya, ekizozi yotulutsa utsi ndi kutchuna kompyuta ya injini, ndi ntchito imodzi.

Poyambira: injini ili bwino?

Apa ndi pomwe anthu amadumpha chifukwa sipasangalatsa. Musanagule kanthu yezani compression ya masilinda onse, asasiyane kupitirira 10 peresenti. Onani mapulagi, ma coil, fyuluta ya mafuta, mapaipi a labala ngati sakuba mpweya penapake. Injini yodwala mukaimasula kupuma imangodwala mofulumira.

Kenako gulani ka OBD2, kachipangizo kowerenga manambala a kompyuta ya galimoto kobaya pansi pa dashibodi, ka mtundu wa ELM327 kamakwana, nkukalumikiza ndi foni. Galimoto zambiri za petulo zopangidwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zili ndi pobayira pake, ku America lamulo lake linayamba mu 1996. Yendani ulendo wanu wamasiku onse mukujambula zinthu izi: kutentha kwa mpweya wolowa komwe amalemba IAT, ma fuel trim onse awiri STFT ndi LTFT omwe amaonetsa mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa, magalamu a mpweya omwe sensa yoyeza mpweya ya MAF ikuwerenga mutaponda moto mpaka pansi, ndi timing, nthawi yomwe pulagi imayatsira moto. Sungani manambalawo. Ngati mungakwanitse pitani pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, muikokere katatu mu giya imodzimodzi, mutenge pepala lake. Dyno imayeza mphamvu ya pa matayala nde musadabwe ikakuonetsani nambala yochepera pa ya m'buku la galimoto, ina imathera mu giyabokosi ndi mu diff. Chofunika ndi choti mukadzamaliza mudzabwerere pa dyno yomweyo, osati ina, chifukwa ma dyno awiri sagwirizana ngakhale galimoto ili yomweyo tsiku lomwelo. Popanda manambala oyambirirawa mudzayeza ndi makutu, ndipo makutu amanama, galimoto yolira kwambiri imamveka ngati ikuthamanga kwambiri.

Chachiwiri, dzifunseni mphamvuyo mukuifuna pa rpm iti

Funso limeneli ndi lomwe limasankha zitsulo zonse zomwe mugule. Munthu woyenda mu msewu wamba amakhala pakati pa 2,000 ndi 4,500 rpm nthawi zambiri, pomwe wa pa track amakhala kumtunda pafupi ndi mzere wofiira. Chitsulo chomwe chimathandiza kumtunda kawirikawiri chimadya kumunsi. Komanso dziwani galimoto yanu. Honda S2000 yoyamba ija ya injini ya F20C imatulutsa ma hp pafupifupi 240 pa malita awiri opanda turbo nkumazungulira mpaka 9,000 rpm, akatswiri a ku fakitale anaifinya kale, nde ma intake ndi ma ekizozi ogula sawonjezerapo zambiri. Pomwe Toyota 86 ndi mnzake Subaru BRZ, zomwe zinatuluka mu 2012 ndi injini ya FA20, zimadziwika ndi kadzenje ka torque, komwe kukoka kumatsika cha m'ma 4,000 rpm, umaponda nkumamva ngati galimoto yaima kaye kuganiza, ndipo header yabwino, mapaipi otolera utsi kuchokera m'masilinda, pamodzi ndi kutchuna imakafafaniza kadzenje kameneko kwambiri ndithu. Galimoto ziwiri, zonse malita awiri, koma malo opindulira ndi osiyana. Fufuzani kwa anthu omwe ali ndi injini ngati yanu ndipo aonetse mapepala a dyno, osati nkhani za pakamwa. Safunsa anadya phula.

Ndikuuzeniretu kuti musadzakhumudwe, manambala olembedwa pa makatoni saphatikizidwa. Katoni ya intake ikati 10 hp, ya header 12, ya cat-back (ekizozi yakumbuyo) 8, musawerengere 30. Chilichonse anachiyeza pachokha pa tsiku labwino, ndipo zonse zikulimbana ndi kuthina kumodzi komweko. Pa injini yopanda turbo, zonse zitamangidwa nkutchunidwa bwino, mukapeza cha m'ma 10 peresenti mwachita bwino kwambiri. Pa ya turbo nkhani ndi ina, tifikako.

Chachitatu, ekizozi, ndipo pano tikhalitsapo

Yambirani kuganiza kuchokera ku injini kupita kumbuyo, osati kuchokera ku kamwa konyezimira kaja ka kumbuyo. Mphamvu zambiri zimabisala kufupi ndi injini, mu manifold ya utsi, yomwe header imalowa m'malo mwake, ndi mu catalytic converter yoyeretsa utsi yomwe ambiri amangoti cat. Sailensa yakumbuyo yokha, yomwe amagulitsa ngati axle-back, ndi ya nyimbo basi. Cat-back, kuyambira kuseri kwa cat mpaka kumapeto, imathandizako pang'ono komanso imachepetsa kulemera. Header nde mwini nkhani pa injini yopanda turbo.

Chifukwa chake ndi ichi. Utsi sutuluka ngati madzi a pa mpopi ayi, umatuluka mwa zibuma, valavu ikatseguka chibuma chimodzi phu, kenako china. Chibuma chilichonse chikamathamanga mu paipi chimasiya kumbuyo kwake malo okoka, ngati momwe chilole chikakudutsani pa liwiro chimakokera mapepala ndi fumbi kumbuyo kwake. Tsono pali kanthawi kochepa kwambiri pomwe valavu ya utsi isanatsekeke ya mpweya imakhala yatseguka kale, amati overlap. Kukoka kuja kukafika pa valavu pa kanthawi kameneko, kumayamwa utsi wotsalira nkukokera mpweya watsopano mkati, pisitoni isanayambe nkomwe kutsika. Ndi chomwe amachitcha scavenging, ndipo apa mpamene ekizozi imagwirira ntchito intake. Utali ndi kukula kwa mapaipi a header ndi zomwe zimasankha kuti kukokako kufike pa rpm iti. Mapaipi aatali ndi opyapyala amakomera kumunsi ndi pakati, aafupi ndi onenepa amakomera kumtunda. Pa injini ya masilinda anayi mupeza mitundu iwiri, 4-1 pomwe mapaipi onse anayi amakumana malo amodzi, imeneyo imakonda kumtunda, ndi 4-2-1 pomwe amayamba akumana awiriawiri, imeneyo imapereka kukoka kotambalala pakati. Ine pa galimoto ya mu msewu ndimasankha 4-2-1 osaganiza kawiri. A ma Subaru ali ndi mkangano wawo wa equal length ndi unequal length, kulira kuja kwa gudugudu komwe amakukonda kumabwera chifukwa mapaipi ndi osiyana utali, ofanana utali amayendetsa utsi mwadongosolo koma nyimbo ija imatha. Sankhani nokha, ine sindilowerera.

Tsono nkhani ija mumaimva kwa amakaniko ena yoti injini imafuna back pressure, kutanthauza kuti utsi uzikanizidwa pang'ono potuluka. Siifuna. Palibe injini yomwe imapindula polimbana ndi utsi wake womwe. Chomwe imafuna ndi liwiro la utsi, ndipo paipi ikakula mopitirira utsi umayenda mwaulesi, umazizira, kukoka kuja kumafooka makamaka pa rpm yotsika. Ndi zomwe zinandichitikira ine. Anthu amaona ngati kuchoka pa mainchesi 2.25 kupita pa 3 ndi pang'ono, koma werengani bwalo la mkati, limakula ndi pafupifupi 78 peresenti. Kuchoka pa 2.5 kupita pa 3 ndi 44 peresenti. Pa injini ya malita awiri yopanda turbo, mainchesi 2.25 mpaka 2.5, kapena kuti mamilimita 57 mpaka 63, amakwana. Mainchesi atatu, mamilimita 76, asiyireni a turbo ndi a mainjini akuluakulu.

Onaninso mmene anapindira paipiyo. Makina wamba opindira amafinya paipi pa kona, mukayang'ana mumaona pathina kapena pali makwinya mkati mwa kona, nde paipi yanu ya 2.5 pamenepo yasanduka yocheperapo. Funani yopindidwa ndi mandrel, yomwe kona yake imakhala yozungulira bwino mofanana ndi pena ponse. Chitsulo chake, stainless ya 304 sichita dzimbiri msanga ndipo imakhalitsa, ya 409 imatsikirako mtengo koma imadera kunja pakapita nthawi ngakhale imapirira ndithu, chitsulo wamba nde chimadyeka kuyambira mkati chifukwa cha madzi omwe amatsalira mu paipi.

Za cat ndinene mosabisa: musaichotse pa galimoto yoyenda mu msewu. M'mayiko ambiri ndi mlandu, ku America lamulo la Clean Air Act limaletsa, ku Britain galimoto yotero imalephera mayeso a chaka ndi chaka a MOT, ndipo fungo lake mukaima pa maloboti mudzadana nalo nokha. Ngati ya ku fakitale ikuthina kapena yatsekeka, pali ma high-flow cat, timabowo take timakhala totakasuka, amalemba 200 cell pomwe za ku fakitale zimakhala 400 kupita mtsogolo. Onani kaye ngati malamulo a komwe muli akuiloleza, komanso dziwani kuti ena mwa ma cat amenewa amayatsa getsi la check engine ndi code ya P0420, kutanthauza kuti sensa ya O2 yoyeza oxygen mu utsi, yomwe ili kuseri kwa cat, ikuona ngati cat siikuyeretsa mokwanira.

Chachinayi, intake

Lamulo pano ndi limodzi, mpweya wozizira umaposa mpweya wambiri wotentha. Mpweya ukatentha umafufuma, mu lita imodzi mumakhala oxygen wochepa, madigiri 10 aliwonse amadya pafupifupi 3 peresenti. Komanso kompyuta ikaona IAT yakwera imabweza timing kuopa kuti injini ingagogode, nde mumaluza kawiri. Ka cone kanga kaja ndinadzakagwira ndi ka OBD komweko, nditaima pa mzere wa magalimoto masana ndikuona nambala ya IAT ikukwera pang'onopang'ono pa foni ngati mita ya takisi, kutsegula boneti kugwira paipi ya aluminiyamu ija osatheka kuisunga dzanja. Bokosi la pulasitiki la ku fakitale lomwe ndinalinyoza lija limakoka mpweya kutsogolo kuseri kwa bampala, ndipo pulasitiki satenga kutentha ngati chitsulo.

Nde njira zilipo zingapo. Yosavuta ndi kusiya bokosi la ku fakitale nkungosintha fyuluta ya mkati kuika yopuma bwino, mwinanso kusintha paipi ya makwinya ija yopita ku throttle, chitseko cha mpweya chomwe chimatseguka mukaponda moto, kuika yosalala. Pa galimoto zambiri zatsopano izi zimakwana, musachite nazo manyazi. Short ram, ka paipi kafupi ndi cone mu boneti, ngati mwaikonda chifukwa cha kulira kwake muitchingire ndi chotchinga kutentha chomwe chimagundana ndi boneti mukatseka, ndipo mubweretse paipi ya mpweya kuchokera kutsogolo. Cold air intake yeniyeni imatsitsa fyuluta pansi kuseri kwa bampala kapena mkati mwa fenda, mpweya wake ndi wozizira zoona koma samalani madzi. Fyuluta ikamira pa chithaphwi injini ikuyamwa, madzi amalowa mu silinda, ndipo madzi sapanikizika, chomwe chimapindika ndi con rod, ndodo yogwira pisitoni. Amati hydrolock, injini imatha pa sekondi imodzi. Ngati komwe mumayenda kumasefukira madzi, fyuluta ikhale pamwamba basi.

Chinthu china chomwe ambiri sachidziwa ndi nyumba ya sensa ya MAF. Sensa imeneyi ndi kawaya kotenthetsedwa komwe kamayeza kampweya kochepa kodutsa pa iko, kenako kompyuta imawerengera mpweya wonse potengera kukula kwa paipi yomwe inauzidwa ku fakitale. Mukaiika mu paipi yonenepa, mpweya umadutsa mwapang'onopang'ono pa kawayako, sensa imanena kuti mpweya ndi wochepa pomwe ndi wambiri, kompyuta nkuthira mafuta operewera. Injini yoyenda ndi mafuta operewera mutaponda mpaka pansi imatentha mkati ndipo ikhoza kuboola pisitoni. Choncho gulani intake yopangidwira galimoto yanuyo, yomwe pa sensa mpofanana kukula ndi pa fakitale, ndipo sensa isakhale pa kona kapena moyandikana kwambiri ndi fyuluta pomwe mpweya umavinduka. Galimoto zoyendera sensa ya MAP, yomwe imayeza kupanikizika kwa mpweya m'malo mwa MAF, sizivuta chonchi. Fyuluta za thonje zopaka oyilo zija, mukatsuka pakani oyilo pang'ono kwambiri nkuisiya iyamwe, mukachulutsa oyiloyo amakamata pa kawaya ka MAF.

Throttle body yaikulu ndi intake manifold ina, yogawira mpweya ku masilinda, zisiyeni kaye. Mfundo yake ndi yomwe ija ya header, tinjira tatitali timakomera kumunsi tatifupi kumtunda, ndipo opanga ena anaika kale manifold yosintha yokha utali, monga ACIS ya Toyota ndi DISA ya BMW. Kuizula imeneyo pa injini yomwe ma cam ake otsegula mavalavu ndi a ku fakitale ndi kutaya kukoka kwa pansi popanda chobwezera. Chomwe muyang'anire nchoti zitsulo zanu ziloze malo amodzi, osati header ya kumtunda ndi intake ya kumunsi, zikamakokerana chonchi palibe yomwe imapambana.

Chachisanu, kumanga

Ngati thumba likulola mangani zonse nthawi imodzi nkutchuna kamodzi. Ngati sililola, yambani ndi zomwe sizisokoneza kompyuta, cat-back ndi fyuluta, kenako header ndi intake zidzabwere limodzi ndi kutchuna sabata yomweyo. Kutchuna kawiri ndi kulipira kawiri.

Dzulo lake thirani mafuta omasulira dzimbiri pa manati onse a manifold ndi a ma flange, mamawa muthirenso. Injini ikhale yozizira. Galimoto ikhale pa ma stand, jeke yokha musaikhulupirire ngakhale pang'ono mukamalowa pansi. Chotsani waya wa negative pa batire. Manati a pa manifold amasuleni mofatsa, akalimba bwezani pang'ono nkumasulanso, uku ndi uku, osakakamiza. Ine ndinathyolapo stud imodzi yakumapeto kufupi ndi firewall, kamvekedwe kake ndi kakuti thu kofewa, sipanala nkupepuka mwadzidzidzi m'manja, ndipo ntchito ya maola atatu inasanduka ya masiku awiri ndikuboola chitsulo chothyokacho ndili chogona ndi galasi loonera nkhope. Masensa a O2 masulani pulagi yake kaye musanawazungulize kuti mawaya asapotoke, pobwezera pakani mafuta oletsa kumamatira a anti-seize pang'ono pa mazinga pokha, isakhudze kumutu kwa sensa. Yakutsogolo ibwerere kutsogolo, yakumbuyo kumbuyo, musazisinthanitse.

Magasiketi onse akhale atsopano, akale aja anaphwanyika kale. Kolekani dongosolo lonse manati ali omasuka, muone kuti paipi siikugunda pansi pa galimoto, pa thanki, pa mapaipi a mabuleki kapena pa bampala, musiye mpata wolowa chala paliponse chifukwa chitsulo chikatentha chimatalika. Mukakhutira mangani kuyambira ku injini kupita kumbuyo, manati a header kuyambira pakati kupita kunja, ndi torque wrench pa muyezo wa m'buku. Pa galimoto yomwe injini inakhala chopingasa pakhale flex pipe, kapaipi kotha kupindika, chifukwa injini imagwedezeka ndipo popanda imeneyo header imang'aluka pa zowotcherera. Header ya mapaipi opyapyala imatulutsa kutentha kwambiri kuposa manifold ya chitsulo chokhuthala ija, nde sunthani mawaya ndi mapaipi a labala omwe ali pafupi, zotchinga kutentha zibwerere. Apanso mukuona kugwirizana kwake, kutentha kwa header ndi komwe intake yanu idzayamwe mukapanda kusamala. Kupaka ceramic nkwabwino kuposa kukulunga ndi nsalu ija ya wrap, nsalu imasunga chinyezi nkumadyetsa chitsulo.

Lizani injini panja kapena zitseko zili zotsegula, utsi wa carbon monoxide sununkha koma umapha. Isanatenthe wazani madzi a sopo pa zolumikizira zonse muone ngati pakutuluka thovu. Kabowo kakang'ono kutsogolo kwa sensa ya O2 kamayamwa mpweya wakunja pakati pa zibuma zija, sensa nkumanena kuti mafuta achepa, kompyuta nkumathira owonjezera, galimoto nkumamwa ngati chidakwa inu osadziwa chifukwa chake. Ku intake nakonso onani ma clamp onse ndi timapaipi ta breather, mpweya wolowa kuseri kwa MAF ndi mpweya wosawerengedwa.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani manambala musanaponde

Yendani modekha masiku awiri kapena atatu, ka OBD kali kobaya. Ma fuel trim akamasewera mkati mwa 5 peresenti uku ndi uku zili bwino, akapitirira 10 pali chomwe chalakwika, kaya pakuba mpweya kaya MAF ikunama. Code ya P0171 ndi ya mafuta operewera, P0101 ndi ya MAF. Koma chenjerani apa. Mukamayenda pang'onopang'ono kompyuta imamvera sensa ya O2 nkumadzikonza yokha, nde zonse zimaoneka bwino. Mukaponda mpaka pansi galimoto zambiri zimasiya kumvera sensayo nkutsatira tebulo lomwe linalembedwa ku fakitale, ndipo tebulolo silidziwa kuti mwasintha kanthu. Malo oopsa kwambiri ndi omwewo omwe kompyuta siidzikonza. Nchifukwa chake wotchuna amagwiritsa ntchito wideband, sensa yowerenga kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta molondola paliponse.

Kutchuna

Pezani munthu yemwe anatchunapo injini ngati yanu kangapo, ndipo mumuuze chilichonse chomwe mwamanga komanso octane ya petulo yemwe mumathira tsiku ndi tsiku, nambala yosonyeza mmene amapiririra kugogoda. Musatchunire pa 98 pomwe mumayendera 95, tsiku lotentha injini idzagogoda. Iye akonza tebulo la MAF, kenako mafuta, pa injini yopanda turbo mutaponda mpaka pansi amafuna magalamu a mpweya cha m'ma 12.5 mpaka 13 pa galamu imodzi ya petulo, pa turbo amathira mafuta ochulukirapo mpaka nambalayo itsike cha m'ma 11.5 kuti aziziritse mkati. Kenako timing, kuisuntha pang'onopang'ono akumvetsera kugogoda. Pa injini zomwe ma cam amasuntha, monga VVT-i ya Toyota, VANOS ya BMW kapena AVCS ya Subaru, asinthanso overlap ija kuti igwirizane ndi header yatsopano, ndipo kawirikawiri pamenepa mpomwe ndalama zanu zonse zimayamba kubwerera. Ma map ogula, matebulo a kompyuta okonzeka kale, amagwira ngati zitsulo zanu zili ndendende zomwe map inalembedwera, mukasakaniza za uku ndi uku pitani pa dyno. Pa pepala la dyno musathamangire nambala yapamwamba, yang'anani mzere wonse wa torque kuyambira 2,000 rpm, muuike pamwamba pa wakale uja. Ngati mwapeza 8 hp kumapeto koma mwataya pakati ponse, mu msewu galimotoyo yafooka. Muuze wotchunayo akusungireni file ya ku fakitale. Ndipo dziwani kuti warranty ikhoza kuthera pomwepa, a inshuwalansi nawonso auzeni.

A turbo, nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono. Turbine imazungulira chifukwa cha kusiyana kwa mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, nde kuseri kwa turbo kukatakasuka nkwabwino basi, za liwiro la utsi zija sizikukhudzani kwenikweni. Downpipe, paipi yoyamba kuseri kwa turbo, ndi yomwe imabweretsa phindu lalikulu, turbo imadzuka msanga. Koma musayerekeze kuyenda ndi downpipe osatchuna, pa galimoto ngati Subaru WRX nkhani imeneyi ndi yodziwika, boost, kupanikiza mpweya kwa turbo, imatha kukwera kupitirira yomwe kompyuta ikufuna chifukwa wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi, yalephera kutaya utsi wokwanira, amati boost creep. Ndipo mpweya ukapanikizidwa umatentha, nde intercooler yabwino youziziritsa imaposa cone iliyonse. Torque ikakwera kwambiri kilatchi ndi yomwe imayamba kulira, ikonzekereni, mabuleki ndi matayala chimodzimodzi.

Chotsala ndi drone, kung'ung'udza kuja komwe kumadzadza mkati mwa galimoto mukamayenda liwiro limodzi cha m'ma 2,000 mpaka 3,000 rpm, pakatha ola mutu ukuwawa ndipo amene mwamunyamula wasiya kukulankhulani. Walira mvula walira matope, koma matope awa ali ndi mankhwala. Musachotse resonator, kasailensa ka pakati, ndipo ngati inachoka ibwezereni. Zikakanika pali J-pipe, paipi yotseka kumapeto yowotcherera m'mbali mwa ekizozi, yomwe imabweza phokoso kuti lidzizimitse lokha. Utali wake amawerengera, injini ya masilinda anayi pa 3,000 rpm imaphulika ka 100 pa sekondi, ndipo paipi yozimitsa phokoso limenelo imakhala cha m'ma mita imodzi kutengera kutentha kwa utsi pamalopo, nde ipangeni yotha kutalikitsa ndi kufupikitsa mpaka mutapeza pomwe pali zii.

Injini ikatentha nkuzizira maulendo atatu kapena anayi, lowaninso pansi ndi torque wrench mumangenso manati a header ndi ma clamp onse, gasiketi yatsopano imakhala itakhazikika nde mupeza ena amasuka. Yang'anani mwaye wakuda m'mbali mwa ma flange, ndi chizindikiro choti pakutuluka utsi. Patatha milungu iwiri jambulaninso IAT ndi ma fuel trim mufananize ndi oyamba aja, zulani pulagi imodzi muone mtundu wake. Bokosi la fyuluta, manifold ndi cat za ku fakitale zikulungeni muziike pouma pamodzi ndi mabawuti ake, tsiku logulitsa galimoto kapena lokaiyezetsa mudzazifuna.